Filimu Imene a Silvester Sankaimaliza

Ine ndimameta anthu pa Manjawira, ndipo khoma la shopu yanga ndi lomwelonso la vidiyo ya a Silvester. Nthambo ya magetsi ndi imodzi: akazima kwawo, kwanganso azima. Mfundo imeneyi muisunge.

A Silvester anabadwira ku Mlangeni, kwa alimi a mbatata, koma khasu linawakana akadali mnyamata. Anayesa kabaza, njinga inawakananso. Mwayi wawo unali pakamwa. Atagula sikirini ndi mabenchi, anapeza kuti anthu sabwerera filimu yokha, amabwereranso ndemanga zawo, poti munthuyu saonera chinthu mwakachetechete. Amaima pambali pa sikirini ngati mlaliki, n'kumaweruza aliyense wotulukamo.

Chaka chatha anapeza filimu ya makatuni imene Manjawira yense anapenga nayo. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kokwera chibuluzi chamapiko, kupita kukalanda kasupe amene mfiti ina inaba m'mudzi mwawo. Ana ankadzaza mabenchi, akuluakulu n'kumanamizira kuti abwera kudzatenga ana.

Zabwino zake a Silvester sankabisa. "Taonani madziwo!" ankatero. "Ojambulawa ndi akatswiri, mpaka ludzu landigwira. Ndipo chibuluzichi chikamauluka, ngakhale ine m'mimba mumachita zii." Mfitiyo ankaipatsanso ulemu wake, ati imaseka ngati munthu amene anakwatirapo kawiri.

Koma akayamba zolakwika, nthawi inkachepa. "Mwana uyu maso ngati mbale, miyendo ngati bango, akudya chiyani? Chiyambire filimuyi palibe amene waika kanthu kukamwa. Chibuluzi chonsechi msipu wake uli kuti? Nanga mfumu iyi, ili ndi nyumba yosanja koma munda ilibe, mlesi wotheratu!" Chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri chinali nyimbo. "Adani ali pakhomo, kamtsikanaka kayamba kuimba. Kwathu kuno ukatero amakumenya nyimbo ili pakamwa."

Ndiye filimu ikafika pamene mfiti yatsekereza mayi wa kamtsikanako paphompho, magetsi ankazima. Tsiku lililonse, malo omwewo. A Silvester ankatukwana anthu a magetsi mpaka thovu kukamwa, ana n'kutuluka akudandaula. Akayaka, ankati nthawi ya mpira yakwana.

Chonsecho kuseri kwa khoma makina anga ometera ankangolira bwinobwino.

Sindinawafunse. Ndinkadziwa kuti swichi ili kuseri kwa katani, pomwe amaima. Ndinkadziwanso kuti pabenchi yakutsogolo pamakhala Lufina, mwana wawo yekhayo wa sitandade sikisi, amene mayi ake, NaNgozo, anamwalira iye asanayambe sukulu. Chiikire maliro aja, a Silvester, munthu wolankhula ngakhale ali m'tulo, sanatchuleponso dzina la mkazi wawo. Mwana akafunsa, ankamutuma kukagula mandasi. Zinkandimvetsa chisoni, komanso kunena zoona zinkandinyansa, chifukwa mwana si mbuzi yoti uziyipatsa chakudya basi.

Tsiku lina Lufina anasuzumira m'shopu mwanga ndikumeta munthu, kwawo kuli mdima.

"Amalume," anatero, "magetsi anuwa ndi ochokera ku Mozambiki?"

Ndinayamba kutsokomola, chifuwa ndilibe. Iye anangoyang'ana makinawo n'kuchoka.

Loweruka lotsatira masana, filimu itangoyamba, Lufina sanakhale pabenchi yake. Ananyamula kampando n'kukakhala kuseri kwa katani, msana wake utatsamira swichi. Ine ndinasiya kasitomala mutu uli theka, n'kukaima pakhomo. Zoterezi sungazimve kwa anthu.

A Silvester anayamba mwa masiku onse, kutama madzi, kunyoza mfumu. Koma phompho litayandikira mawu anayamba kuchepa. Dzanja linalowa kuseri kwa katani n'kukumana ndi phewa la mwana.

"Iwe, tapita ukagule mandasi."

"Ndakhuta, ababa."

"Ukandigulire ine."

"Mudya ikatha."

Filimu inapitirira, koyamba m'mbiri ya Manjawira. Mayi uja anakankhira mwana wake pamsana pa chibuluzi, iye n'kugwa. Sanafike n'pansi pomwe: anasanduka timiyuni tambirimbiri n'kumwazika m'mwamba. Kamtsikana kanagwetsa msozi umodzi waukulu, kenaka, monga mwa khalidwe lake, kanayamba kuimba. M'holomo ana ena anayamba kufwenthera.

A Silvester sanayankhulenso mpaka kasupe anabwerera kumudzi, mfiti inaphulika, mayina a ojambula anayamba kukwera. Anthu anatuluka akuyang'ana pansi, ngati ochokera kumanda. Ine ndinatsalira pakhomo, poti manyazi ndinawasiya m'mimba mwa amayi.

"Ndinaionera kale pafoni ya mnzanga," anatero Lufina. "Ndimafuna muione ndi inuyo."

Pamenepo mlaliki uja anayambiranso.

"Filimu yabodza iyi! Zonse ndawakhululukira, maso aja, nyimbo zija, koma apa anama. Mayi safa choncho, mokongola, nsalu ili yoyera. Kulibe kudwala, kulibe machira, kulibe siwa, ngakhale mmodzi wobwera kudzakhala nawe pamphasa. Munthu wangothethekera m'mwamba ngati moto wa mapesi, mwana n'kumaimba! Amene anajambula izi sanaikepo munthu."

"Nanga amafa bwanji?" anafunsa Lufina. "Amayi anga anapita bwanji? Inu munalipo. Ine ndimangodziwa za m'makatuni."

Dzanja la a Silvester linapita lokha kukhoma, mwachizolowezi. Linafika paswichi, n'kuima. Filimu inali itatha kale, panalibe choti azimitse.

Panja anyamata a mpira anali atayamba kugogoda chitseko. A Silvester anasuzumira n'kuwauza kuti lero kulibe mpira, ndipo kwa nthawi yoyamba sananamizire magetsi. Anakoka benchi, anakhala pansi, munthu amene sindinamuonepo atakhala m'holo mwake, n'kuuza mwanayo kuti asendere pafupi.

"Dzina lawo anali Zione," anayamba motero. "Ankaseka kwambiri kuposa iwe. Ndipo kuimba sankatha ngakhale pang'ono."

Ndinatseka chitseko chawo pang'onopang'ono n'kubwerera kwanga. Kasitomala uja anali akadali pampando, mutu theka, akulusa. Ndinamuuza kuti abwere mawa. Khoma lathu ndi lopyapyala, ndipo makina anga amasokosa.

"Bwanji?" anakalipa.

"Magetsi azima," ndinatero, babu likuwala pamutu pake.