Ndinazulitsa Mano Abwinobwino a Mwana Wanga

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinagwira mutu wa mwana wanga ndi manja anga awiriwa kuti munthu wina amuzule mano osadwala. Mpaka lero ndikakumbukira, thupi limachita tsemwe. Sindinaledzere, sindinalodzedwe ayi. Kunali kudzimva kuti ndine woyenda.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atangoyamba kuoneka pa Boma, ndipo ine ndinkachita geni ya zitenje. Ndinkakapikula ku Chipata n'kumadzagulitsa mumsika wa pa Mchinji. Kuwoloka bodako kunandikuza mutu. Kwathu kwa Mlonyeni ndikayankhula, ngakhale alongo anga ankangoti, "Mwanena ndinu, a ku Zambia."

Mwana wanga woyamba, Tadala, anagwa pa njinga akuchokera kuchigayo ndipo dzino limodzi lakutsogolo linaguluka. Limodzi lokha! Mwini wake anazolowera msanga, ankaseka ngati kale, ndipo mnyamata amene anadzamufunsira banja anamupeza ali choncho. Wosowa mtendere ndinali ine. Chinkhoswe chinali pafupi, ndipo m'mutu mwanga munkangobwera amayi anzanga a mumsika akuloza gweru la mwana wanga pa chithunzi.

Kuchipatala anatiuza kuti ku Lilongwe angamupangire dzino loikirira, lija amavula pogona n'kuliika m'kapu ya madzi. Ndinaseka mwachipongwe. Mwana wanga ine, dzino logona m'kapu ngati nkhalamba? Ndinakana ndisanamufunse n'komwe mwini kamwa.

Tsiku lina pa boda, dalaivala wa thiraki amene ankatinyamulira katundu anali kudya nzimbe. Nditamudandaulira za Tadala, anagogoda dzino lake lakutsogolo ndi chikhadabo n'kunena kuti, "Ilitu si lobadwa nalo, mayi. N'lobzala." Anafotokoza kuti madokotala a ku Joni anaboola fupa la nsagwada, n'kulowetsamo kachitsulo konga sikuluwu, n'kudikira miyezi kuti fupa ligwire, kenako n'kumangirira dzino pamwamba pake. Silivulidwa, siligwedera. Bamboyo sananame, zinthuzi ziliko ndithu. Kupusa kwanga n'kwakuti sindinamufunse kuti ntchito yotereyi amaichita ndani, ndipo amaichitira malo otani.

Ndinayamba kufunsafunsa pa boda ponse, ndipo mukudziwa kuti ukafuna chinthu mokuwa, akuba nawo amamva. Mayi wina wosintha ndalama anandilozera kwa bambo amene anachita lendi kachipinda kuseri kwa resitihausi ina tsidya linalo. Ndinamupeza atavala gauni yoyera ndi magalasi, Chingerezi chili thyakuthyaku, pakhoma atamata zithunzi za anthu oseka mano ali mbee. Ndinakopeka pomwepo, ndipo ulendo wotsatira ndinatenga Tadala.

Bamboyo anasuzumira m'kamwa mwake, n'kupukusa mutu. Anati dzino lobzala limayera kwambiri, likakhala lokha aliyense adzadziwa kuti n'lachilendo. Nzeru yake inali yakuti azule atatu oyandikana ndi gwerulo kuti adzabzale anayi ofanana.

Tadala anandikoka chitenje n'kunong'ona kuti, "Amayi, komatu awa sakundipweteka."

"Iwe ukudziwa chiyani? Usandichititse manyazi pamaso pa adokotala," ndinamukalipira.

Inu owerenga, jakisoni amene anamubaya sanagwire. Mwana atayamba kuphupha, bamboyo anandiuza kuti ndimugwire mutu, ndipo ndinaugwiradi mwamphamvu. Ndinamva kuthyoka ngati wina akuthyola chinangwa. Magazi anayenderera mpaka m'zigongono zanga. Atamaliza anati tidzabwerenso nkhama zikapola, zitsulo zikafika kuchokera ku Lusaka. Popeza dalaivala uja ananenanso za kudikira, ndinakhulupirira, ndinalipira, ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja.

Nkhama sizinapole. Nkhope inatupa mpaka diso kutsekeka, m'kamwa munayamba kununkha, thupi likutentha ngati mbaula. Ndinathamangira kutsidya kuja kuti adokotala atipatse mankhwala. M'kachipinda kaja ndinapezamo matumba a feteleza mpaka kudenga. Mwini resitihausi anandiyang'ana mwachisoni n'kundiuza kuti munthuyo anasamuka osatsanzika, ndipo ine sindinali woyamba kudzamufunsa. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo.

Kuchipatala cha kwathu anatitumiza ku Lilongwe. Dokotala wa mano, mayi wofatsa, anajambula ekisileyi n'kuyang'anitsitsa chithunzicho. Kenako anatiuza kuti m'nkhama munatsalira zidutswa za mizu, ndipo fupa linathyoka moti ngakhale dzino lobzala lenileni silingapeze pogwira. Koma mawu amene anandilasa ndi awa: ubwino wa dzino lobzala ndi wakuti mano oyandikana nalo sakhudzidwa n'komwe. Palibe dokotala weniweni amene angazule dzino lamoyo pongofuna kuti mano afanane kuyera. Anandifunsa kuti ine kholo ndinali kuti zonsezi zikuchitika. Tadala ndiye anayankha, movutikira chifukwa cha kutupa, kuti, "Anali pomwepo."

Chinkhoswe tinachisuntha. Mnyamata uja, Mulungu amudalitse, sanabwerere m'mbuyo. Koma pa zithunzi zonse za tsikulo mwana wanga, amene kuseka kwake kunkamveka mpaka kudimba, milomo ili tseke. Patapita nthawi anamupangira mano oikirira omwe aja ndinawanyoza.

Atabereka mwana wake woyamba, ndinapita kukamuthandiza ntchito za pakhomo. M'mawa wina ndikusesa kuchipinda kwake, ndinaona kapu pawindo, manowo ali m'madzi. Tadala anaona kuti ndaima ndi tsache m'manja. Sanakalipe, anangoti, "Amayi, paja munkakana limodzi logona m'kapu. Onani, agona anayi."

Inu owerenga, safunsa anadya phula, koma phula langali amene analidya ndi mwana wanga. Mano obzala aliko ndipo athandiza anthu, koma ndi ntchito ya chipatala chodziwika, chokhala ndi makina ojambulira fupa, osati ya kuseri kwa resitihausi. Munthu akakuuzani kuti azule dzino losapweteka, nyamukani, mukafunse kwina. Ngati njira yeniyeni simungaikwanitse, gweru si matenda, ndipo dzino loikirira si chitonzo. Koposa zonse, mwini kamwa akati "awa sakundipweteka", mumvereni. Ine ndili ndi mano anga onse mpaka lero, ndipo palibe tsiku limene ndimatafuna nzimbe osachita manyazi.