Mendulo ya mu Kolala

Malonda anga a kaunjika atasiya kuyenda pa Biwi, ndinaganiza zopita ku Joni. Amayi sanakane. Anangotenga jekete yanga, kusomola kolala, n'kusokeramo kamendulo ka Monika Woyera, nkhoswe ya mphakati wawo ku Kawale.

"Monika analirira mwana wake Augustino zaka zambirimbiri mpaka anatembenuka," anatero akuluma ulusi. "Ine maso anga ndi otha kale. Usandilizitse motalika choncho, ndipo ameneyu ubwere naye."

Ku Joni ndinkatsuka magalimoto, kugona anthu asanu m'kachipinda kamodzi. Lamulungu ndilo linkapweteka: tchalitchi chodzaza, koma palibe wondifunsa kuti kwathu n'kuti. Ndikatumiza kangachepe, Amayi pafoni sankafunsa za ndalama. Funso lawo linali limodzi: "Monika ali bwanji?"

"Ali bwino, akupereka moni."

Bodza. Chilimwe choyamba chomwe, mkulu wina wa ku Zimbabwe anaisirira jekete ija. Tinanenererana mtengo mpaka thukuta, ndinamugulitsa n'kumudya bwino, ndipo ndinayenda monyada tsiku lonse. Za mu kolala ndinakumbukira patatha sabata. Ine, katswiri wa pa Biwi, ndinapereka woyera ngati basera!

Zaka zinayi zitatha, ndikukonzekera kubwerera, mantha anandigwira. Ndinapita pakashopu ka paparishi ina. Mendulo za Monika zinali zodula. Pansi pa kabokosi ndinaona ina: mayi wofunda kumutu, nkhope yachisoni. Ndinati basi ndi yemweyu. Ndinanenerera mpaka asisitere ogulitsa m'shopumo anatopa nane, n'kuisokera ndekha mu jekete yatsopano.

Ndinafika ku Kawale Lachitatu, tsiku la mphakati. Pakhonde panali amayi khumi ndi makolona awo. Nthungululu zitatha, Amayi anati, "Bweretsa Monika, anzanga amuone."

Anasomola kolala, kuvala magalasi, kutembenuza mendulo. Anaipatsira Mayi Nachisale, omwe amatsogolera nyimbo. Iwo anaiyang'ana kamodzi, n'kuphulika kuseka.

"Aka! Uyu ndi Rita! Suona kabala ka munga pachipumipa? Rita Woyera, wa zinthu zokanika!"

Ndinaulula zonse, za jekete, za mkulu wa ku Zimbabwe, za asisitere. Ndinkadikira misozi ya Amayi. Koma nawonso anali atagwira nthiti.

"Mwananga, unkaganiza kuti Monika anali mu kolala? Monika tinatsala naye pakhonde pano. Lachitatu lililonse amayi onsewa ankakutchula dzina."

Zaka zinayi ndinkadziona ngati munthu wopanda womufunsa, pomwe pa Kawale dzina langa linali pandandanda sabata ndi sabata, pakati pa odwala ndi olemba mayeso.

Lero ndili ndi benchi yanga ya nsapato pa Biwi pomwepo, Rita ali pakhosi. Ndinafuna kugula Monika weniweni, Amayi anakana.

"Msiye Rita agwire ntchito," anatero. "Iwe ndi nkhani yake ndithu."