Pepala Lomaliza la Asisi

Ndinadzuka kusanache, ngati n'kudzuka komwe, poti ndinagona panja pa katoni, udzudzu wonse wa ku Kawale uli pa ine ndekha. Amayi a kutchalitchi anali ataimba mpaka mawu kusasa. Kuseri moto unali utayaka kale, amunafe n'kumanamizira utsi tikamapukuta m'maso.

Amene tinkaika anali asisi anga. Ntchito yawo inali yolemba timapepala ta malangizo, tija mumataya mukagula nyali ya sola kapena pampu. Akalemba ankandiitana: “Iwe, tabwera. Ukamva iweyo ndiye kuti Malawi yense wamva.” Ankandipatsa pepala ndi chinthucho, iwo n'kukhalira manja awo kuti asandithandize. Ndikakakamira penapake sankandikalipira. Ankati lalakwa ndi pepala, n'kukalembanso.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza msewu, mpaka maminibasi a ku Biwi kumakhotera kwina. Kunatentha moti mipando ya pulasitiki inkafewa. Malume anandikokera pambali.

“Mbiri unena ndiwe, atero mayi ako. Koma zokometsera zako zija ayi. Ungoti ankataipa ku ofesi, basi.”

Kutaipa! Zinandiwawa. Ine ndinali nditakonza kale zoti asisi ankalankhula zilankhulo za dziko lonse, mabwana ankawagwadira. Koma nditaima pafupi ndi bokosi ndinakumbukira bolopeni yawo yofiira, imene ankadulira mawu aliwonse osagwira ntchito. Ndinangoti, “Asisi ankalemba kuti munthu asasowe chochita akatsala yekha ndi chinthu chimene sakuchidziwa.” Mawu anathera pomwepo. Ine amene ndimatha kulongolola kuchokera ku Kawale mpaka ku Likuni osameza malovu.

Kumanda tinapita pa lole, fumbi likutitsatira. Adzukulu atayamba kukwirira, mayi anangokhala pansi, nsapato imodzi itavuka, ndipo palibe anawadzutsa.

Madzulo anthu atabalalika magetsi anazima, monga mwa masiku onse. Patebulo la asisi panali nyali yatsopano ya sola ndi pepala limene anali asanandiyese nalo. Ndinayamba kulitsatira ndi katochi ka pafoni. Tsegulani apa. Lowetsani batire. Chapakati ndinakakamira, osamva kuti waya wakuda akulowa pati. Ndinacheuka kuti ndiwaseke, ndiwauze kuti pepala lawo lalakwa.

Pampando umene ankakhalira panali chitenje chawo chokha. Ndinakhalabe mumdimamo, waya ali m'manja.