Makutu a Che Saidi

Loweruka lapitali ndinagwira ganyu yomwe sindinaifunsire, yowerenga masekondi.

Ndinali pakhonde ndikupukuta nsapato pomwe aneba anga, Che Saidi, anasuzumira pampanda. "Aneba, foni yanuyo ili ndi wotchi ija amayezera othamanga? Tabwerani nayo. Lero tikumuyeza mwana."

Kuno ku Kawale palibe amene samudziwa mwana amene amanenayo. Ndi kagalimoto kakalekale ka ku Mangalande, kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga, kotsika moti ukakhalamo umangomva ngati wakhala pamkeka. Che Saidi ndi makaniko, imvi zili mbuu. Kagalimotoka anakapeza ku esiteti ina ya fodya ku Mchinji, kali pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akuukitsa injini yake, chaka chino pisitoni, chaka chamawa mavavu. Ife tinkadutsa n'kumagwedeza mitu.

Mwezi watha injini inalira. Koma inkati ikapondedwa, n'kuyamba kutsokomola ngati munthu amene watsamwa ndi tiyi.

Pabwalopo ndinapeza mwana wawo wamkazi, Asiyatu, mayi wa ana awiri, nayenso makaniko pagaraja ina yaikulu ku Kanengo. Iye anabwera ndi bokosi la mageji. Bambo ake anali ndi sikuludilaiva ndi kachidutswa ka paipi yothirira maluwa.

Injiniyi ili ndi makabuleta awiri, zipangizo zimene zimasakaniza petulo ndi mpweya. Awiriwa amayenera kupuma mofanana, ngati mabowo a mphuno imodzi. Che Saidi anaika mbali imodzi ya paipi kukhutu, inayo pakamwa pa kabuleta yakutsogolo, n'kutsinzina. Kenako anasamukira ku yakumbuyo. Apotoza kasukulufu pang'ono, amvetsera, apotozanso. Pabwalo ponse panali fungo la oilo wotentha, ndipo maluwa a jakaranda ankagwera paboneti limodzilimodzi osawasasa munthu.

"Zafanana," anatero potsiriza.

Asiyatu anatenga geji yoyezera mpweya, n'kuigunditsa pa kabuleta iyi, kenako iyo. Anabwereza kawiri.

"Ababa, yakutsogoloyi ikukoka mpweya wambiri kuposa inzake. Si pang'ono ayi."

Che Saidi anamuyang'ana mwana wawoyo. Anasinthira paipi kukhutu linalo n'kumvetsera nthawi yaitali, yaitali kwambiri, injini ikunjenjemera pansi pa chibwano chawo. Kenako anaipinda paipiyo bwinobwino n'kuiika m'thumba la ovolosi.

"Khutu lamanzereli linanditsanzika kale," anatero motsitsa mawu. "Ndimayesa lamanjali tikhala limodzi mpaka mwanayu atayenda. Kani nalonso layamba kumanga katundu."

Zaka makumi anayi munthuyu wakhala akudya za makutu ake. Madalaivala a minibasi ankabwera kuchokera ku Area 25 kuti iye angomvetsera injini n'kunena chimene chavuta, boneti isanatsegulidwe n'komwe. Ndinayembekezera kuti apsa mtima, anene kuti geji ndi yabodza, kapena kuti ana a masiku ano sukulu yawazunguza mitu.

Iwo anangonyamula sikuludilaiva.

"Iwe yang'ana kamuvi ka gejiyo, ine ndizipotoza. Ukandiuza kuti basi, ndisiya."

"Pang'ono, Ababa. Pang'ononso. Mwapitirira, bwezani. Apo."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatha pafupifupi ola akuchita zomwezo, mwana akuwerenga, bambo akupotoza, ndipo kunjenjemera kwa injini kunkachepa mpaka kapu ya madzi yomwe Asiyatu anaika pamwamba pake inangotsala ndi timizere ting'onoting'ono.

Tsono anzanga owerenga, ndi angati mwa ife amene tikanachita ngati Che Saidi?

Kwathu kuno kuyezedwa timakuona ngati kunyozedwa. Mufunseni mmisiri womanga nyumba kuti levulo yake yoyezera chipupa ili kuti, akuyankhani kuti, "Bwana, ndinayamba kumanga inu musanabadwe." Chipupa chili pendekete. Bambo mutu ukuwawawa mwezi wathunthu, koma kukayezetsa kuthamanga kwa magazi akuti ndi kudziitanira matenda. Ine ndemwe, chaka chino n'chachiwiri ndikuwerenga nyuzi nditatambasula mkono wonse, n'kumadandaula kuti osindikiza achepetsa zilembo.

Timaopa chiyani? Kamuvi ka geji sikadana ndi munthu. Chimene timaopa ndi kumva kuti chinthu chomwe tinkatamika nacho chayamba kutithawa, makamaka tikamva kuchokera kwa mwana amene tinamubereka tokha.

Koma musaganize kuti geji ndiyo inamaliza zonse. Injini itatentha bwino, Che Saidi anamasula pulagi imodzi n'kuiyang'ana padzuwa. "Ikakhala yakuda ngati makala, petulo wachuluka. Ikayera ngati phulusa, injini ikufa ndi njala. Timafuna mtundu wa tiyi wamkaka." Inali yoyererako. Anauza Asiyatu kuti awonjezere petulo pang'ono pokha, ndipo iye analemba zimenezo m'kabuku kake ngati mwana wa sukulu. Tikamataya amisiri akalewa chifukwa tagula makina, timataya zambiri zomwe makinawo sanauzidwe.

Dzuwa litapendeka tinapita kumsewu wa ku Bunda, pamalo owongoka popanda anthu ambiri. Asiyatu anatitsatira pagalimoto yake n'kuima pansi pa mtengo. Sabata yapitayo, iye atayeza, kagalimotoka kanatenga masekondi khumi ndi asanu ndi anayi kuti kafike pa liwiro la 80 kuchokera poima.

"Mwakonzeka, aneba?"

Ndinadina foni.

Mpando unandikankha pamsana mofatsa, ngati dzanja la munthu wokudziwa. Giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, popanda kutsokomola. Mphepo inandilowa m'malaya. Minda yolimidwa kale yodikira mvula inkatsetsereka mbali zonse, phiri la Bunda lili kutsogolo, lobiriwira mwa utsi, ngati likuyandama. Ndinatsala pang'ono kuiwala ntchito yanga.

"Khumi ndi asanu," ndinawauza.

Anagwedeza mutu, koma sanabwerere msanga. Anatsitsa liwiro n'kumangoyenda, dzanja limodzi pachiwongolero, linalo ataligoneka pa chitsulo cha giya kuti azimva injini kudzera m'chikhatho.

"Ndili wachinyamata, kagalimoto konga aka kankadutsa mumsewu wa Malangalanga Lachisanu lililonse, ife tikuchokera kumzikiti," anatero. "Ndinkaima mpaka kulira kwake kuzimiririke. Ndinkati tsiku lina ndidzakumva ndili m'kati." Anatchera khutu kuinjini. "Pano ndikumva ngati kali kuseri kwa chipupa. Inu mumalemba munyuzi, aneba. Tandiuzani, kakulira bwanji?"

Ine amene sabata iliyonse ndimadzaza danga lino ndi mawu, ndinayamba ndamvetsera kaye.

"Kakulira ngati bambo amene wakhuta, akung'ung'udza nyimbo pakhonde pake, osathamangira kulikonse," ndinatero.

Che Saidi anaseka chamumtima, maso ali pamsewu. "Ndi komweko," anatero. "Ndi komweko ndithu."

Tinayendanso mtunda wina, kenako tinatembenuka kukamuuza Asiyatu nambala yake.

Lolemba ndinakayezetsa maso. Mzere wachinayi wa zilembo unandikanika, ndipo namwino amene anandiuza zimenezo ndi wa msinkhu wa mwana wanga.

Nanga inu, amene wakugwirirani geji ndani? Ndipo akakuuzani kuti mwapitirira, mudzabweza?