Foni ya pa depoti sinalembe alamu anga

Ndinkanyamula matumba pa depoti ina yogula chimanga pa Mitundu, nthawi imene mafoni opanda waya ankangofika kumene kwathu kuno. Ya mu ofesi mwathu inali yokhala patebulo, yolemera ngati njerwa, kamlongoti kake kali njo. Inali ndi kagalasi kosonyeza manambala a anthu amene aimba osayankhidwa. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma manambala okha sandipita pansi.

Mkazi wanga anali ndi pakati, mimba yoyamba, ndipo anakadikirira kwa amayi ake, kumudzi kuseri kwa Nathenje. Njinga inatsala ndi ine. Tinapangana ndi alamu anga, achimwene ake a mkaziyo, kuti matenda akayamba athamangire kwa aphunzitsi ena amene anali ndi foni ya m'manja, akaflashe, ndiye kuti kuimba kamodzi n'kudula. Ine ndikaona nambala ya aphunzitsiwo ndipalase, tikamutengere mkaziyo kuchipatala cha ku Nkhoma. Nambalayo ndinailoweza ngati vesi.

Masana aliwonse akalaliki akapita kukadya, ndinkalowa ndi tsache mosatumidwa n'kudina batani. Munkadzaza manambala a alimi oflasha. Lolemba lina abwana anabwera ndi munthu wa ku tauni, anaweramira foniyo, kudinadina. Ine ndinadutsa ndi thumba pamsana, sizinandikhudze. Kuyambira tsikulo kagalasi kanangoti mbee. Ndinkati basi, kumudzi kuli bwino.

Loweruka alamu anatulukira pasikelo, fumbi mpaka m'maondo. Anangofikira kundifunsa.

"Alamu, taflasha mpaka aphunzitsi atopa nafe. Munali kuti?"

Anati matenda anayamba Lachinayi m'mawa. Anandidikira, anandidikira, dzuwa litapendeka ndi pamene anakapempha ngolo. Mwana anabadwira panjira ndipo sanalire. Amayi akuluakulu anakamuika okha tsiku lomwelo, monga amachitira, popanda mwamuna, popanda kulira maliro. Mkazi wanga anali kuchipatala.

Ndinalowa mu ofesi wopanda odi. Akalaliki anafotokoza maso ali pa ntchito yawo, kuti foniyo imasunga manambala ochepa, ndiye a alimi oflasha ankakankha manambala amene abwana ankafuna kuona, a antchito oimbira zibwenzi. Munthu wa ku tauni uja anaitchera kuti izilemba zotuluka zokha. Akalalikiwo anati kulira inaliradi Lachinayi, kangapo, koma woflasha ndani amamutsatira.

"Foni ndi ya kampani, mphwanga, si ya azamba."

Ndinainyamula n'kuimenyetsa pasimenti. Mabatani anamwazika ngati chimanga. Akalalikiwo ndinawagwira pakhosi, alamu ndi amene anandikanganula. Ntchito inathera pomwepo, ndipo sindinapite kukapepesa. Mpaka lero sindikuona chopepesera.

Tinapalasa mosinthana mpaka ku Nkhoma. Njinga inkayenda bwinobwino, tcheni ndinali nditathira mafuta dzulo lake. Apongozi ndinawapeza pakhonde la wodi, atafunda chitenje kumutu. Anandiyankha moni akuyang'ana kumbali. Mkazi wanga anagona choyang'ana kukhoma, milomo itauma. Ndinamuuza za munthu wa ku tauni, za zotuluka zokha, za mabatani. Sanatembenuke.

"Njinga inaphwa?" anafunsa.

Ndinati ayi.

Potuluka ndinagwada patali ndi apongozi n'kufunsa ngati mwanayo anali mwamuna kapena mkazi. Anati zimenezo abambo safunsa.