Kabawuti ka Ankolo a Mwale

Ndikakumbukira ankolo a Mwale, mphuno zanga zimamva oyilo wopsa, ndipo m'makutu mumalira kamakina kawo kosemera zitsulo kamene kanali pakhonde la fulati yathu ku Hor Al Anz, mumzinda wa Dubai, pakati pa zingwe zoyanikira zovala. Sanali achibale athu, tinkangogawana nawo khitchini. Ankagwira ntchito yaulonda kuhotela, koma akaweruka ankakhala pa ndowa yovundikira, foni atayitsamiritsa ku botolo, n'kumatsanzira mzungu wina wa pavidiyo. Chitsulo chinkazungulira, tizidutswa tachikasu tinkagwa topotanapotana, ine n'kumatola kuti ndi ndolo.

Zonsezo zinkandizunguza mutu. Mayi ankati ankolo akukonza mfuti, koma mfutiyo sindinaiwonepo. Nditawafunsa, anandiuza kuti ili ku Nkhotakota, ndi ya mpweya, ya bambo awo okalamba, yothamangitsira mbalame mumpunga. Kabawuti kake kanatha, ndipo m'sitolo sikankapezekanso. Analonjeza bambo awowo kuti awasemera kena ndi manja awo. Ndiye munthu angakonze bwanji chinthu chimene chili kutsidya kwa nyanja?

Aliyense wopita kumudzi ankanyamulako kabawuti kokulungidwa m'sokosi. Kenako mng'ono wawo ankaimba kunena kuti kakukana kulowa. Ankolo ankayeza mobwereza, kusema kena, kutuluka thukuta m'kutentha kuja, koma yankho lomwelo. Mnzawo wachipakistani ankangoti khalasi, kutanthauza kuti basi, azisiye. Iwo ayi.

Tsiku lina ndinatenga foni yawo kuti ndione chithunzi cha kabawuti kakale chimene mng'ono wawo anatumiza, atakagwira pafupi ndi nkhope. Ndinafunsa chifukwa chake zilembo za pamalaya ake zinali zotembenuka. Ankolo anayang'anitsitsa, n'kugwira pakamwa. Mng'onoyo anajambula ndi kamera yakutsogolo, chithunzi chinatembenuka ngati pagalasi, ndipo nthawi yonseyo iwo ankasema mizere ya kabawuti yozungulira kolakwika. Ine ndinaganiza kuti ndawalakwira, ndinathawira kwa mayi.

Kabawuti kotsatira kanalowa. Anatiitana tonse kuti timve pafoni, ndipo tinamvadi mfuti ija ikuti pha, anthu akumudzi akuseka. Kenako kunamveka mawu a nkhalamba, otsika, osafulumira.

"Kalowa bwinobwino, mwananga. Nanga iweyo ubwera liti?"

Ankolo anaika foni pansi. Anatuluka kukakhala pakhonde, misozi ili chuchuchu. Ndinafunsa mayi kuti akuliriranji poti kabawuti kalowa, iwo anangonditsina kuti ndikhale chete. Ndinakwiya, chifukwa palibe amene ankafuna kundifotokozera.

Pano ndine wamkulu, ndimagwira ntchito m'sitolo ku Dubai konkuno, ndipo mayi anabwerera ku Malawi kalekale. Ndimawatumizira nsapato, mankhwala a miyendo, chilichonse chimene atchula. Amathokoza, kenako ndimadziwa kuti akufuna kufunsa kuti ndibwera liti, ndipo ine ndimafulumira kunena kuti netiweki ikuvuta.