Msuzi wa Azakhali a Lurde

Ndikukumbukira tsiku limene ndinaponda Tete koyamba. Tinatsika chapa, minibasi ya kuno, ku Matundo dzuwa lili paliwombo, ine ndi amayi, ndipo mpweya wotentha unandiwomba kumaso ngati ndasuzumira mu uvuni. Kwathu ku Tsangano n'kozizira, ndiye ndinafika nditavala juzi, anyamata ogulitsa malambe oundana m'timajumbo n'kumandiseka mpaka kugwirana mapewa. Amayi anasenza thumba la ufa. Ine ndinanyamula dengu, m'menemo muli kamphika, mthiko, chipande ndi mbale. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, nditangokhoza setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, ndipo ndinkadzayamba oyitava, kalasi yoyamba ya kusekondale. Kufupi ndi mudzi wathu kunalibe sekondale. Ndikafuna kuphunzira, panalibe kwina kokhala koma kwa azakhali a Lurde, mlongo wawo wa bambo.

Kamphikako kanali ndi chifukwa chake. Ine sindidya tirigu. Sikuti ndimadana naye, matumbo anga ndi amene amamukana. Ndili wamng'ono ndinkangokhalira kutsekula m'mimba, mimba ili tuu, miyendo ngati bango, mpaka bambo ananditengera kuchipatala china chachikulu ku Malawi. Kumeneko dokotala anati nthendayi ndi siliyaki, ilibe jakisoni kapena mapiritsi, kuchira kwake n'kusiya tirigu moyo wonse, ngakhale kafumbi kake. Choseketsa n'chakuti bambo anali mlimi wa tirigu, ndipo anthu pamudzi ankati Mulungu naye amadziwa kuseleula. Amayi anasiya kupita kuchigayo chifukwa ankagayako tirigu, chimanga changa n'kumasinja mumtondo. Ndinayamba kunenepa, tsitsi linada, ndipo m'kalasi anyamata anayamba kundiopa.

Azakhali ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pakhomo, moti ufa wa tirigu unali paliponse, patebulo, pazitseko, ngakhale pamsana pa mphaka. Anatilandira ndi manja awiri, kutipatsa madzi ozizira, kundiyamikira kutalika. Nkhope yawo inasintha pamene ndinatulutsa za m'dengu.

"Alamu, mwamva kuti kuno kulibe miphika?" azakhali anafunsa amayi anga. "Kapena mwamva kuti ine ndimathira anthu mankhwala?"

Amayi anafotokoza zonse modzichepetsa, maso ali pansi. Azakhali anangoti matenda a azungu afika liti ku Tsangano, mwanayu mwangomulera ngati dzira.

M'mawa mwake amayi anandiwolotsa mlatho kupita kumasitolo a m'tauni kuti ndidziwe zimene ndingadye iwo akabwerera kumudzi. Sukulu sanapite nayo patali, Chipwitikizi ankangotola apa ndi apo, koma liwu loti trigo ankalizindikira ngati dzina lawo. Ankatenga paketi, kuitembenuza, n'kuyendetsa chala pa tizilembo tating'onoting'ono milomo ikugwedera. Tirigu tinamupeza kumene sitinkamuganizira: m'masoseji, mu ufa wa phala la ana, m'timibulu tina tokometsera ndiwo. Mlonda wa m'sitolomo ankatilondola shelefu ndi shelefu akutsokomola, mpaka anatiuza kuti ngati sitikugula titulutse dothi lathu panja. Tinatuluka ndi mpunga ndi mtedza basi. Njala itatipweteka tinalowa m'kanyumba kena kodyera, momwe nsomba za pende zinkanunkhira mpaka kumsewu. Amayi anafunsa ngati nsombazo anazigubuduza mu ufa, ndiponso ngati mafutawo sanakazingiremo zina. Mayi wophikayo anaitana mnzake kuti adzamve mafunso a anthu akumapiri. Tinakadya nthochi ndi masau pansi pa mtengo, tikuyang'ana Zambezi.

Ponyamuka amayi anandiuza kuti pakhomo pa eni sadandaula, chikandipweteka ndizingoluma mano. Ndinawamvera, chifukwa sukuluyo ndinkaifuna kuposa chilichonse.

Ndipotu inali yokoma sukuluyo. Ndinkakonda fungo la yunifolomu yatsopano, phokoso la choko, ndi aphunzitsi a sayansi amene ankajambula matumbo a munthu pabolodi, ine n'kumati chamumtima, adani anga aja ndi awa. Kunyumba ndinkaphika ndekha pakambaula kuseri kwa khitchini, azisuweni anga akunditcha mlendo wa kuhotela. Kenako azakhali anafewa mwadzidzidzi. Anati sibwino mwana kumadya yekha ngati wakhate, ndiwo tiziphika pamodzi, mbuzi ilibe tirigu. Ndinasangalala mpaka kugwetsa misozi, poganiza kuti tsopano andilandira. Amene anadyapo mbuzi ya ku Tete akudziwa. Msuzi wake unali wolemera, wofiirira, womata pa chala, ndipo ndinkapukuta mbale mpaka kuwala.

Sipanapite nthawi, mimba inayamba kulira. M'kamwa munatuluka zilonda, m'kalasi ndinkasinza, siketi inayamba kuzungulira m'chiuno. Chimbudzi chinali chimodzi cha mabanja angapo, ndiye ndinkapitako nditanyamula ndowa kuti anthu aziti ndikukatunga madzi. Ndinkaganiza kuti n'kutentha, kapena madzi achilendo. Sindinauze munthu.

Lamulungu lina masana kunabwera azimayi oyandikana nafe nyumba kudzadya nafe pakhonde. Ndili pakati potafuna, azakhali anandiloza ndi fupa.

"Taonani mfumukazi ya ku Tsangano," anatero. "Chiyambire mwezi uno ndakhala ndikuthira ufa wa tirigu mu msuzi, sipuni yodzaza, iye n'kumanyambita mbale. Wafa? Si uyu ali apayu?"

Azimayi aja anaseka, wina mpaka kuwomba m'manja. Nyama inali m'kamwa mwanga. Kulavula pamaso pa akulu kukanakhala chipongwe, ndiye ndinameza.

Tsiku lotsatira kusukulu tinaima pamzere kuimba nyimbo ya fuko, dzuwa likuwotcha kale mutu. Ndinamva m'mimba mukupotokola, maso anachita chidima, ndinagwa. Ndinatsitsimuka ndili pansi, aphunzitsi aakazi akundifunditsa nsalu yawo ya kapulana kuyambira m'chiuno, ndipo ana onse atatalikira atagwira mphuno. Ndinali nditadziipitsira pamaso pa sukulu yonse. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero.

Kuchipatala anandiika madzi m'mitsempha, ndipo namwino atafunsa zimene ndinkadya ndinanena zoona. Koma nkhani inali itafala kale m'Matundo. Azimayi omwe aja anaseka pakhonde ndi amene anaifalitsa, atathiramo mchere: Lurde wathira mankhwala mwana wa mlongo wake. Anthu anasiya kugula mandasi. Azakhali anatumiza uthenga kumudzi woti makolo anga adzatenge mwana wawo, wawaipitsira mbiri.

Bambo anabwera. Ndinkayembekeza kuti denga lisasuka tsiku limenelo. M'malo mwake anakhala pampando chipewa chili pabondo, n'kumachonderera mlongo wawo kuti andisunge mpaka chaka chithe. Kenako anandiuza kuti ndigwade ndipepese chifukwa chonena za m'nyumba kwa anthu akunja. Ndinagwada, pamkono pali bandeji ya kuchipatala, ndikuti, "Pepani azakhali." Iwo anayang'ana kumbali nati andikhululukira, koma pakhomo pawo ayi. Tinayesa kwa achibale ena kudera la Samora Machel, onse anati nyumba ndi yaing'ono. Tinayesa kumalo ogonera ana a sukulu, anatiuza kuti m'mawa uliwonse ndi buledi ndi tiyi, sangaphikire mwana mmodzi zakezake. Ndinakwera chapa yobwerera ku Tsangano ndi dengu langa lija pamiyendo. Oyitava sindinaimalize. Ndinakalowa m'munda kupalira tirigu yemweyo, kenako ndinakwatiwa.

Masiku ano ndimakhala ku Mpadue, mu Tete momwemo, ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi zochokera kwathu. Tete anasintha. Chibwerereni alendo a migodi ya malasha, masitolo akuluakulu ali ndi shelefu ya zakudya zolembedwa kuti sem glúten, kutanthauza kuti mulibe tirigu, ndipo mlonda amakulozera yekha pamene ili. Ndimaona mabanja apaulendo akulowa m'malo odyera, mayi n'kufunsa mafunso omwe aja ankafunsa amayi anga, woperekera zakudya n'kuwerama mwaulemu kukafunsa kukhitchini. Palibe amene amaitana mnzake kuti adzaseke. Ndimakondwera nazo, komabe zimandiwawa, chifukwa nthenda yanga inayamba kulemekezeka italowa m'mimba za anthu obwera pa ndege.

Mwana wanga wamkazi, Nelsa, anatengera matumbo anga. N'chifukwa chake ndinasamukira kuno, kuti aphunzire akugona pansi pa denga langa. Atakhoza mayeso chaka chatha, azakhali a Lurde anabwera kudzamuyamikira. Akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo. Anamasula nsalu n'kutulutsa bolo, keke yokongola ya kirimu pamwamba, n'kunditambasulira.

"Mupatseko mwanayo," anatero. "Kachidutswa sikapha munthu. Iwe suli moyo apa?"

Nelsa anandiyang'ana. Manja anga anakhala pamiyendo. Mkono wa azakhali unakhala m'malere, ndipo pamapeto pake anakulunganso bolo wawo n'kutsanzika.

Achibale mpaka lero akuti ndinachitira mwano munthu wamkulu, ndipo sindikana. Mawa lake Nelsa anadzuka bwinobwino n'kupita kusukulu.